Njinga Yopanda Chishalo

Lamulungu m'mawa, kuseri kwa Riverlea,
pomwe mgodi unasanza mchenga wachikasu
n'kuusiya chitunda chopanda mwini,
Ntate Ramokgopa amandibwereka njinga yopanda chishalo.
Tsiku loyamba ndinafunsa: nanga ndikhala pati?
Anaseka mpaka kutsokomola.
Ati kuno sitikhala, Zagwazatha, timaimirira.

Sabata yonse ndimathamangitsa chakudya cha eni ake
m'bokosi lofiira kumbuyo kwanga,
Braamfontein, Melville, kenaka Braamfontein konko,
foni ikundikalipira mphindi zinayi zomwe ndachedwa,
mathekisi akundipumira m'khosi.
Pamaloboti phazi limatsika lokha, silindifunsa.
Koma kuno likangokhudza dothi
mdzukulu wao Puseletso amakweza chala chimodzi m'mwamba
n'kulemba pakapepala,
nkhope ili gwa ngati wa ku ofesi ya mapasipoti.

Ponda ndi kutsogolo kwa phazi, amatero mkuluyo,
pomwe pamayambira zala,
chidendene chilendewere pang'ono,
mawondo asakumbatire thanki ngati mwana wamantha.
Isiye njinga ivine yokha pakati pa miyendo yako.
Ndinati nanga buleki bwanji, yanditalikira.
Ati sendeza phazi, ndani wakukhomera msomali pachipondero?
Ukaona potsetsereka, likwawitse lakumanjalo
mpaka nsonga ya jombo inunkhize chitsulo.
Inunkhize basi.

Ine ndinazolowera kuponda buleki ngati ndikupha chinkhanira.
Tayala lakumbuyo linauma gwa, linakhulula mchenga,
ine chagada,
fumbi lowawasa m'kamwa,
ndege ikudutsa m'maso mwanga kulowera kumpoto,
mwina kwathu, mwina ai.
Puseletso anatambasula zala zonse zisanu.

Masabata asanu ndi awiri chigongono chili ndi nkhanambo.
Ndinaphunzira kuchotsa mpweya m'tayala
mpaka lifewe ngati papaya lakupsa, ligwire mwala ndi mimba.
Ndinaphunzira kuti chala chimodzi pakilachi chikwanira,
kuti injini ikamakoka, buleki ikamakaniza pang'ono,
awiriwo amakangana chamumtima
ndipo njinga imayenda mwa nadzikambe,
kufunsa mwala uliwonse dzina lake.

Pali chimwala china pafupi ndi bulugama wopserera,
anthu anachilembalemba ndi penti.
Dzulo ndinachiyang'ana, chinandiyang'ananso.
Ndinapinda mawondo, ndinatsegula moto,
tayala lakutsogolo linanyamuka,
linapitirira,
kumwamba kunayamba kubwera kudzandiona ngati tsiku lija.
Mtima unati dumpha.
Chala chachikulu chinayankha chisanandiuze:
kakhudzidwe kochepa, monga podzutsa mnzako wodwala.
Tayala linabwerera, linatera pamwalapo phee.

Ndinaima pamwamba pake osayenda.
Mpweya umodzi. Wachiwiri.
Injini ikung'ung'udza pansi panga,
akakolo akunjenjemera, akukonza zomwe mutu sukudziwa,
uko nsanja ya Hillbrow itabaya utsi wa mzinda,
kuno mapazi anga onse awiri m'malere,
palibe lomwe likupempha dothi la eni.
Potsika ndinatsamira kumbuyo, jombo ikunong'oneza chitsulo,
ndipo pamathero, pamalo osalala oti n'kuyendapo khanda,
ndinatembenuka kuti ndione ngati mkuluyo waona.
Phazi pansi.
Chala chimodzi.
Ntate anangopukusa mutu, akusenda nachesi.

Lero Lolemba, pa Empire Road, maloboti afiira.
M'bokosi muli nkhuku ndi tchipisi za munthu wa pa nambala sikisite.
Ndaimirira pazipondero pa njinga yanchitoyi,
yolemera, yopusa, yachishalo chong'ambika,
jombo yakumanja ikununkhiza buleki.
Mpweya umodzi. Wachiwiri.
Wathekisi kumbuyoku waliza hutala,
watulutsa mutu, akutukwana m'chinenero chomwe ndimamva theka.
Mnyamata wogulitsa machaja wasiya kuitanira malonda,
akuyang'ana mapazi anga,
milomo yake ikuwerenga.